Laputopu Yakale Musaitaye: Kusankha Linux Yopepuka Yogwiritsa Ntchito Pakhomo

M'makomo ambiri kuno ku Ntcheu muli laputopu imene anthu anasiya kuigwiritsa ntchito isanafe. Ina inabwera ndi mwana wochokera ku Joni, ina inagulidwa yogwirapo kale ntchito ku Limbe kapena ku Lilongwe, ina inatsala m'manja mwa aphunzitsi opuma ntchito. Mukaiyatsa imachedwa kudzuka, fani imangolira, pansi pake pamatentha, ndipo mukatsegula kalata imodzi yokha zonse zimaima. Eni ake amangoti "yatopa", n'kuiika pamwamba pa kabati.

Kawirikawiri chimene chavuta si makinawo. Mkati mwa kompyuta iliyonse muli pulogalamu yaikulu imene imayendetsa zina zonse, imene ambiri timangoitcha sisitimu, ndipo pa malaputopu athu ambiri sisitimuyo ndi Windows. Windows yakhala ikulemera chaka ndi chaka pamene laputopu yanu ili ndi mphamvu zomwe zija inabwera nazo. Zili ngati njinga yakale imene mwaisenzetsa matumba atatu a mbatata ya kachewere pachitunda cha ku Tsangano: njingayo ndi yabwinobwino, koma katunduyo si wa msinkhu wake. Kabuku kano kakuthandizani kuchotsa katundu wolemerayo ndi kuikapo wopepuka, waulere.

Chimene chasintha pa Windows

Kampani ya Microsoft imasiya kusamalira Windows iliyonse ikakalamba. Windows XP inasiyidwa mu Epulo 2014, Windows 7 mu Januwale 2020, ndipo Windows 10 inasiyidwa pa 14 Okutobala 2025, kupatula kwa amene analembetsa kuti awonjezeredwe kanthawi. Sisitimu yosiyidwa imayakabe, koma mipata imene akuba a pa intaneti amaitulukira sikutsekedwanso. Ngati pa laputopuyo mumatsegulapo imelo kapena akaunti ya ku banki, imeneyi si nkhani yoinyozera.

Ena angati tingoikapo Windows 11. Vuto n'lakuti Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yatsopano, kuyambira Intel ya m'badwo wa nambala 8, imene inayamba kutuluka cha m'ma 2017. Malaputopu ambiri a m'makomo mwathu ndi akale kuposa pamenepo. Okonza makompyuta ena amaikakamiza kulowa, koma ikalowa imakwawa kuposa kale.

Linux ndi chiyani

Linux ndi sisitimu imene Linus Torvalds anaiyamba mu 1991 ali wophunzira ku Helsinki, m'dziko la Finland. Malemba amene anaipangira ndi osabisa: aliyense angathe kuwaona, kuwakonza ndi kugawira ena. Kwa ife zimenezi zikutanthauza chinthu chimodzi chachikulu. Munthu mmodzi akadawuniloda Linux n'kuiika pa fulashi, fulashi imeneyo ingayende nyumba ndi nyumba kuchokera ku Lizulu mpaka ku Manjawira, ndipo palibe lamulo limene laphwanyidwa. Palibe kiyi yogula, palibenso uthenga uja wa pakona ya sikirini wokuuzani kuti Windows yanu si yovomerezeka.

Si chinthu chachilendo ku Malawi kuno. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, Gerry Douglas ndi anzake, amene ntchito yawo inadzakhala Baobab Health Trust, anayamba kuika timakompyuta togwira pa sikirini pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe, ndipo toyambirirato tinali timakina totsika mtengo timene kunja anthu anali atatisiya. Dongosolo losungira mbiri ya odwala olandira ma ARV limene linakula kuchokera pamenepo linamangidwa pa Linux. Ndiponso foni ya Android ili m'thumba mwanuyo, pansi pake pali Linux.

Chimene chimasokoneza oyamba kumene n'chakuti Linux ilipo ya mitundu mazanamazana. Musadere nkhawa. Kwa laputopu yakale ya pakhomo, mitundu inayi kapena isanu yokha ndiyo yofunika kuidziwa, ndipo imene ikuyenerani idzadziwika mukaiyeza laputopuyo.

Yambani mwaidziwa laputopu yanu

Ngati Windows ikuyakabe, pitani pa Settings, kenako System, kenako About. Pa Windows 7 dinani kumanja kwa mausi pa Computer n'kusankha Properties. Lembani papepala zinthu zitatu.

Choyamba ndi RAM. Awa ndi malo amene kompyuta imayalapo ntchito imene ikugwira panthawiyo, ndipo ndiyo nambala yofunika koposa zonse. Idzakhala 1 GB, 2 GB, 4 GB kapena kupitirira. Musaisokoneze ndi kukula kwa hard disk. Ogulitsa ambiri amakonda kutchula "500 GB" chifukwa ndi nambala yaikulu, koma imeneyo ndi nkhokwe yosungiramo mafayilo, siinena za liwiro.

Chachiwiri, onani ngati purosesa ndi ya 32-bit kapena 64-bit. Apa werengani mzere wonse bwinobwino, chifukwa malaputopu ambiri ali ndi purosesa ya 64-bit koma wina anaikapo Windows ya 32-bit. Mukaona mawu akuti "x64-based processor", yanu ndi ya 64-bit, kaya Windows yakeyo ikuti chiyani. Core 2 Duo, Core i3, i5 ndi i7 zonse ndi za 64-bit. Za 32-bit zenizeni ndi monga Pentium M, Core Duo yopanda 2, ndi timalaputopu ting'onoting'ono tija ta Atom N270.

Chachitatu ndi dzina lonse la laputopu, lolembedwa pansi pake kapena m'malo mokhala batire. Mudzalifuna pofunafuna RAM yowonjezera kapena chaja.

Isankheni motere

Ngati muli ndi 4 GB kapena kupitirira, ndipo purosesa ndi ya 64-bit, ikani Linux Mint ya mtundu wa Xfce. Pamenepa sindizengereza. Batani la menyu lili pakona ya kumanzere pansi monga pa Windows 7, mafoda amatseguka momwe munazolowera, ndipo imabwera ndi Firefox yolowera pa intaneti ndi LibreOffice yolembera makalata ndi kuwerengetsa ndalama. Opanga ake amati 2 GB ndiye pochepetsetsa, koma kuti muigwiritse ntchito mosadandaula pamafunika 4 GB, ndi malo osachepera 20 GB pa disiki. Linux Mint 22 inatuluka mu 2024 ndipo idzasamalidwa mpaka 2029. Chifukwa china chimene ndimaiikira patsogolo n'chakuti anthu oigwiritsa ntchito ndi ambiri, choncho vuto lililonse mungakumane nalo wina analithetsa kale, ndipo mwana wanu akafufuza pa foni adzapeza yankho.

Ngati muli ndi 2 GB, Mint idzalowa koma idzapuma movutikira. Apa yesani Lubuntu. Ndi ya m'banja la Ubuntu, sisitimu imene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anaiyambitsa mu 2004, koma maonekedwe ake, otchedwa LXQt, anawapepula dala. Posankha, tengani imene yalembedwa LTS, chifukwa ndiyo imasamalidwa nthawi yaitali: ya Lubuntu imatha zaka zitatu, ndipo yatsopano imatuluka mu Epulo zaka ziwiri zilizonse. Zosalembedwa LTS zimatha miyezi isanu ndi inayi yokha, ndipo kwa munthu wogula bandulo ndi ndalama za kabichi kumeneko n'kutaya. MX Linux nayonso imayenda bwino pa 2 GB, ndipo ili ndi zida zabwino zokonzera mavuto popanda kulemba malamulo ovuta.

Ngati muli ndi 1 GB kapena kucheperapo, kapena purosesa ndi ya 32-bit, njira yanu ndi antiX. Mitundu ikuluikulu inasiya kale makina a 32-bit: Lubuntu inawasiya mu 2019, Linux Mint mu 2020, ndipo Debian 13 imene inatuluka mu Ogasiti 2025 ilibenso choikira cha 32-bit. Koma antiX 23, yomangidwa pa Debian 12, ili nacho, ndipo Debian 12 idzalandirabe zokonza za chitetezo mpaka 2028. Opanga antiX amati imadzuka ngakhale pa 256 MB. Dziwani kuti maonekedwe ake ndi achikale ndipo zinthu zina, monga kulumikiza Wi-Fi, zimafuna kuphunzira pang'ono. Si yopatsa agogo popanda wowakhalira pafupi sabata yoyamba. Koma laputopu imene aliyense anaitaya mtima imatha kulembanso makalata, kuimba nyimbo za kwaya ndi kuonetsa mabuku a PDF.

Palinso Puppy Linux, imene Barry Kauler wa ku Australia anaiyamba mu 2003. Ndi yaying'ono kwambiri, imayendera pa fulashi, ndipo imathandiza pamene hard disk yafa kapena pamene mukufuna kupulumutsa zithunzi pa Windows yokana kuyaka. Ndi yabwino kukhala nayo m'thumba, koma sindingaipange sisitimu ya tsiku ndi tsiku ya banja.

Pali chinthu china chimene chimaposa zonsezi. Ngati pa sukulu ya sekondale yapafupi, kutchalitchi kapena pa boma pali munthu amene amagwiritsa kale ntchito mtundu wina wa Linux, ndipo laputopu yanu ingaukwanitse, tengani umenewo. Munthu woti mungamupeze pa njinga aposa malangizo onse a pa intaneti.

Zimene Linux siingachite

Kunena zoona, Linux yopepuka siipepula intaneti. Masamba a masiku ano, Facebook, YouTube ndi WhatsApp Web, amadya RAM yambiri pa sisitimu iliyonse. Pa 1 GB mudzatsegula tsamba limodzi n'kudikira. Pa 2 GB awiri kapena atatu. Amene akukuuzani kuti laputopu ya 2008 idzathamanga ngati yatsopano pa YouTube akukunamizani.

Mapulogalamu ena a Windows sayendanso pa Linux. Microsoft Office, Photoshop ndi CorelDRAW palibe, ngakhale zilipo zogwira ntchito yofanana: LibreOffice, GIMP ndi Inkscape. Mnyamata amene amapeza ndalama poflasha mafoni pa msika wa Kampepuza asafulumire kuchotsa Windows, chifukwa zida zambiri za ntchito imeneyo zinapangidwira Windows. Chimodzimodzi wophunzira wa Computer Studies amene akukonzekera mayeso a MSCE: ayambe wafunsa aphunzitsi ake mapulogalamu amene akugwiritsa ntchito m'kalasi, chifukwa mabatani a LibreOffice sali pamalo amodzimodzi ndi a Word ndi Excel. Safunsa anadya phula.

Koma kwa mlembi wa banki m'khonde wosunga ndandanda ya masheya ndi ngongole, kwa kalabu ya alimi yolemba matumba amene yagulitsa, kwa mphunzitsi wokonza mayeso a kumapeto kwa teremu, kwa mlembi wa mpingo, Linux imakwanira ndi kutsalako.

Yesani musanafufute kanthu

Ubwino waukulu wa Linux ndi uwu: mungathe kuiyendetsa kuchokera pa fulashi, osakhudza chilichonse chili pa laputopu. Musadumphe gawo limeneli.

Pezani fulashi ya 8 GB imene mulibe kanthu kofunika, chifukwa zonse zili mmenemo zidzafufutika. Dawunilodani fayilo ya sisitimu, yothera ndi .iso, kuchokera pa tsamba la eni ake lenileni, osati pa linki yotumizidwa pa gulu la WhatsApp. Ya Mint ndi ya Lubuntu iliyonse ndi pafupifupi 3 GB, ya antiX ndi yocheperapo. Netiweki ikamadukaduka kwanuko, kachitireni zimenezi pa boma kapena gwiritsani ntchito bandulo ya usiku, ndipo mabanja angapo angasonkherane n'kudawuniloda kamodzi.

Kungokopera fayiloyo pa fulashi sikugwira ntchito. Pamafunika kapulogalamu kakang'ono koilemba mwanjira yake, monga Rufus kapena balenaEtcher. Palinso Ventoy, imene ndimaikonda chifukwa imalola kuika mafayilo a .iso angapo pa fulashi imodzi yaikulu, n'kumasankha poyatsa. Mukatero mungayese Mint, Lubuntu ndi antiX madzulo amodzi n'kuona ndi maso anu imene laputopu yanu ikuikonda.

Zimitsani laputopu, lowetsani fulashi, yatsani, ndipo nthawi yomweyo yambani kudina batani lotsegula menyu ya poyambira. Pa HP ndi F9, kapena Esc kenako F9. Pa Dell, Lenovo, Acer ndi Toshiba nthawi zambiri ndi F12. Pa Asus ndi Esc. Sankhani dzina la fulashi yanu. Ikakana, lowani mu BIOS, menyu ya zosintha za makina imene imatsegulidwanso poyatsa, n'kuzimitsa Secure Boot, ngati ilipo.

Linux ikatseguka, yesani zinthu izi modekha: kodi Wi-Fi ikuona hotspot ya foni yanu? Mawu akutuluka? Mabatani onse a kiyibodi akulemba? Kuwala kwa sikirini kukutheka kuchepetsa? Ngati muli ndi pulinta, ilumikizeni. Kumbukirani kuti pa fulashi zinthu zimachedwerapo kusiyana ndi mmene zidzakhalire mukaiika mkati.

Chimene chimavuta kawirikawiri ndi Wi-Fi, makamaka pa malaputopu a HP ndi Dell okhala ndi kachipangizo ka Broadcom. Musataye mtima. Lumikizani foni ya Android ndi chingwe cha chaja, yatsani USB tethering pa foniyo, ndipo laputopu idzapeza intaneti yokha. Mukamaliza kuika Mint, tsegulani Driver Manager ndipo idzakupatsani chosowacho.

Tsiku loika

Choyamba, koperani zonse zofunika kwina: zithunzi za ukwati ndi za chinkhoswe, masatifiketi, makalata a malo, maakaunti a gulu. Zitsegulenitu pa kompyuta ina kapena pa foni kuti mutsimikize kuti zakopedwadi. Mukasankha "Erase disk" palibe kubwerera.

Chachiwiri ndi magetsi. Mabatire a malaputopu akale ambiri anafa, ndipo magetsi a ESCOM akathima ntchito ili pakati mudzayambiranso. Kuikako kumatenga theka la ola kapena kupitirira. Ngati mumadalira sola, chitani masana dzuwa lili pamutu batire la sola litadzaza, ndipo onani pa chaja ya laputopu kuti imakoka mawati angati, nthawi zambiri 65 kapena 90, kuti invetala yanu isalephere.

Choikiracho chidzakufunsani ngati mukufuna kusunga Windows pambali kapena kuifufuta. Pa disiki yaying'ono, ndipo ngati palibe pulogalamu ya Windows imene mumadyerapo, ifufuteni. Kusunga zonse ziwiri n'kotheka koma kumasokoneza ana ndipo kumadya malo. Posankha dera la nthawi dinani Blantyre. Kiyibodi sankhani English UK ngati batani la 3 lili ndi chizindikiro cha £, kapena English US ngati lili ndi #. Pa Mint chongani bokosi la "multimedia codecs" kuti mavidiyo ndi nyimbo zizisewera. Pasiwedi imene mudzaike ilembeni m'kope n'kuisunga, chifukwa Linux imaifunsa nthawi iliyonse mukamaika pulogalamu yatsopano. Ana apangireni akaunti yawoyawo yopanda mphamvu zosintha zinthu.

Ngati pali kandalama

Musanaganize zogula laputopu ina, funsani mtengo wa zinthu ziwiri. Choyamba ndi disiki yotchedwa SSD. SSD ya 2.5 inchi ya mtundu wa SATA imalowa pamalo pa hard disk yakale pa malaputopu ambiri opangidwa kuyambira cha m'ma 2007, ndipo ngakhale ya 120 GB imasintha liwiro kuposa china chilichonse mungachite. Ilibenso tizitsulo tozungulira, choncho siiopa mabampu a msewu wafumbi. Chachiwiri ndi RAM: kuchoka pa 2 GB kufika pa 4 GB kumakuchotsani pa Lubuntu kukufikitsani pa Mint. Nyamulani laputopuyo popita kukagula, chifukwa DDR2 ndi DDR3 sizilowana.

Kukhala nayo pakhomo

Kumene netiweki ndi yovuta, laputopu ingakhale laibulale ya banja. Kiwix imasunga Wikipedia pa disiki kuti muziwerenga popanda intaneti, ndipo mungasankhe zigawo zing'onozing'ono monga za sayansi kapena za umoyo. Kolibri, yopangidwa ndi bungwe la Learning Equality, imasunga maphunziro a masamu ndi sayansi a mavidiyo. Zonsezi mumadawuniloda kamodzi n'kugawana pa fulashi.

Popita kukapulinta pa boma, musatenge kalata yanu ili mu mtundu wa LibreOffice. Dinani "Export as PDF", ndipo idzatuluka momwe munaikonzera. Ngati wolandirayo akufuna kuisintha, isungeni ngati .docx. Fulashi ikabwerako ndi vairasi ija imene imabisa mafoda n'kusiya timashotikati, ilowetseni pa Linux mopanda mantha: vairasi ya Windows siigwira ntchito pamenepo, mafoda anu mudzawaona onse, ndipo timafayilo tachilendoto mungatifufute. Komabe zimenezi sizikutetezani kwa munthu woimba foni kufuna PIN yanu ya Mpamba kapena Airtel Money.

Kamodzi pamwezi lolani sisitimu ilandire zokonza zake. Pa Mint kachizindikiro kooneka ngati chishango pansi kumanja ndiko kamakuuzani. Mapulogalamu atsopano tengani mu Software Manager basi.

Fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala, makamaka kuchigwa cha Bwanje, ku Sharpevale ndi ku Kasinje kumene kumatentha, limatseka fani, ndipo purosesa ikatentha imadzichepetsa liwiro yokha. Musaike laputopu pa bulangete kapena pa mphasa. Ikani pa tebulo, kumbuyo kwake mutakweza pang'ono, ndipo mukatha ifunditseni nsalu. Nyengo ya mvula zulani chaja pakhoma kukayamba ziphaliwali. Mukaona deti likubwerera ku chaka chakale nthawi iliyonse mukayatsa, ndipo masamba a intaneti akukana kutseguka ponena za chitetezo, vuto si Linux: ndi kabatire kakang'ono kozungulira ka mkati, kawirikawiri CR2032, kamene wokonza angakusinthireni. Batire lalikulu likatupa mpaka kutukula kiyibodi, lichotseni tsiku lomwelo. Musaliboole, musaliponye pamoto kapena m'chimbudzi, ndipo lisungeni pouma kutali ndi ana. Malaputopu ambiri akale amayenda bwinobwino ndi chaja yokha.